Zithunzi pa Khoma la Makwerero

M'nyumba iliyonse muli malo amene anthu amakhalapo, ndiponso muli malo amene anthu amangodutsapo. Pabalaza pamachezedwa, kukhitchini kumaphikidwa, kuchipinda kumagonedwa. Koma pa makwerero opita m'zipinda zam'mwamba, kapena m'kolido yopita kogona, palibe munthu amene amayalapo mphasa. Mwina ndicho chifukwa chake eni nyumba ambiri amakongoletsa pabalaza ndi mtima wonse, koma khoma la pa makwerero amalisiya lili mbee, lopanda kanthu. Chikhalirecho, khoma limenelo ndilo limene munthu wa m'nyumbamo amaliona koposa makoma onse, pakuti amadutsapo m'maŵa, masana ndi usiku, chaka ndi chaka, kufikira atakalamba. Nkhani ya lero ikunena za khoma limenelo: zimene ziyenera kupachikidwapo, kapachikidwe kake, ndi kasungidwe kake kuti adzukulu adzazipeze.

Omvera a kumidzi angafunse kuti nkhani ya makwerero ikuŵakhudza bwanji, popeza nyumba zawo zilibe masitepe. Funsolo n'lomveka. Nyumba zosanja n'zachilendo m'dziko lino. Imodzi mwa zoyamba ndi nyumba ya Mandala mumzinda wa Blantyre, imene kampani ya African Lakes idamanga m'chaka cha 1882. Masiku ano nyumba zotere zachuluka m'mizinda, ndipo ana ambiri amene adapita kukagwira ntchito ku Johannesburg kapena ku London amakwera masitepe tsiku ndi tsiku. Komabe zonse zimene zinenedwe pano zikukhudzanso khoma la m'kolido, la pabalaza, ngakhale la kanyumba ka chipinda chimodzi. Ndipotu nkhaniyi ikuyambira m'kanyumba ka munthu wosauka.

Kanyumbako kanali ku England, m'tauni ya asodzi yotchedwa St Ives, m'chigawo cha Cornwall. M'mwezi wa Ogasiti 1928 akatswiri aŵiri a zojambula, Ben Nicholson ndi Christopher Wood, ankayenda m'kanjira kena ka m'tauniyo. Podutsa pakhomo pena pamene chitseko chinali chotsegula, adaona khoma lonse la m'kati litadzaza ndi zithunzi za zombo, za nyanja ndi za nyumba. Zithunzizo zinalibe mafelemu kapena magalasi. Zinali zojambulidwa pa zidutswa za makatoni ndi mapepala, ndipo zinali zokhomedwa kukhoma ndi misomali ikuluikulu. Anthu aŵiriwo adaima, nagogoda.

Eni nyumbayo anali mkulu wina wa zaka zoposa 70, a Alfred Wallis. Iwo adabadwa m'chaka cha 1855. Pa unyamata wawo adagwira ntchito ya panyanja ndi ya usodzi, ndipo pambuyo pake adatsegula kasitolo kogula ndi kugulitsa zitsulo, zingwe ndi zina zakutha za m'zombo. Kusukulu ya zojambula sadapondeko. Akazi awo adamwalira mu 1922, ndipo patapita zaka zoŵerengeka mkuluyo, posoŵa wocheza naye, adayamba kujambula. Penti wawo anali wopakira maboti, ndipo makatoni ankachita kupempha m'masitolo. Ankajambula zimene ankakumbukira, makamaka zombo za matanga zimene pa nthaŵiyo zinali zitayamba kutha. Chinthu chimene chinali chachikulu mumtima mwawo ankachijambula chachikulu ngakhale chikhale patali, kotero kuti m'zithunzi zina nsomba ikulingana ndi boti. A Wallis sankajambulira msika. Khomalo linali lawo, ndipo adalidzaza ndi moyo wawo kuti aziuona.

Mbiri ya zithunzizo idafika kwa mnzawo wa a Nicholson, a Jim Ede, amene ankagwira ntchito ku Tate Gallery, nyumba yaikulu yosungiramo zithunzi mumzinda wa London. A Ede ndi a Wallis sadaonane maso ndi maso, koma kwa zaka zingapo ankalemberana makalata. Mkuluyo ankatumiza zithunzi zake papositi, ndipo a Ede ankasankha zoŵakomera natumiza masheleni oŵerengeka. A Wallis adamwalira mu 1942 ali m'nyumba yosungiramo amphaŵi ku Madron, pafupi ndi tauni ya Penzance. Chuma sadachione, koma makatoni awo sadatayike.

M'chaka cha 1956 a Ede ndi akazi awo, Mai Helen, adafika mumzinda wa Cambridge, napeza tinyumba tinai takale timene tinali titatsala pang'ono kugwetsedwa. Adatikonza natilumikiza kukhala nyumba imodzi, ndi makwerero ozungulira opita m'mwamba. Nyumbayo imatchedwa Kettle's Yard, ndipo adaloŵamo mu 1957. M'menemo adapachika zithunzi zimene adasonkhanitsa pa moyo wawo wonse, zambiri mwa izo zochokera kwa anzawo. Kapachikidwe kawo ndiko kadadabwitsa anthu. Katoni ya msodzi wosaphunzira uja idapatsidwa malo m'nyumba imodzimodzi ndi ntchito za anthu otchuka ngati Joan Miró wa ku Spain ndi Barbara Hepworth wa ku England, popanda chikwangwani chonena kuti uyu ndi wamkulu, uyu ndi wamng'ono. Zithunzi zina adaziika m'munsi kwambiri, kuti azione bwino munthu wokhala pampando. Zina adazipachika ngakhale m'chipinda chosambira. Pa tebulo lina adayala timiyala tosalala ta m'mbali mwa nyanja mozungulira ngati chigoba cha nkhono. Pafupi ndi chithunzi cha Miró, chimene chili ndi kadontho kachikasu, adaika ndimu m'mbale yachitsulo, kuti chikasu cha ndimu chiziyankhana ndi chikasu cha m'chithunzi. Ndipo osamala nyumbayo amasinthabe ndimuyo ikayamba kufota.

Masana alionse a nthaŵi ya sukulu, aliyense wofuna ankangokoka belu la pakhomo, ndipo a Ede ankamlandira namuonetsa nyumba yonse. Ophunzira a pa yunivesite ankaloledwa kubwereka zithunzi kukapachika m'zipinda zawo. Mu 1966 banjalo lidapereka nyumba ndi zonse za m'katimo kwa Yunivesite ya Cambridge, ndipo mu 1973 lidasamukira ku Edinburgh. A Ede adamwalira mu 1990. Nyumbayo ikusungidwa monga m'mene adaisiyira, ndipo ntchito za a Wallis zimene zili m'menemo ndi pafupifupi 100.

Makoma aŵiri ameneŵa, la msodzi ndi la munthu wophunzira, akugwirizana pa mfundo imodzi: chinthu chimayenera malo pakhoma chifukwa cha nkhani yake m'banjamo, osati chifukwa cha mtengo wake m'sitolo. Apa ndi pamene nyumba zambiri zimalakwira. Mlendo akaloŵa m'nyumba zisanu zotsatana angathe kupeza chithunzi chimodzimodzi m'zonsezo: mathithi a dziko losadziŵika, akavalo othamanga, kapena phiri la chipale limene palibe wa m'nyumbamo adalionapo. Zithunzi zotere n'zoŵala ndithu, koma sizinena kanthu za eni nyumba. Mwana sangafunse funso lililonse pa izo, chifukwa palibe amene angamuyankhe.

Pamene zili choncho, chuma chenicheni chili m'sutukesi pansi pa bedi. M'menemo muli chithunzi cha agogo atavala yunifolomu ya asilikali a K.A.R.; muli cha amalume chimene adajambulitsa ali kumigodi ya ku Joni atavala suti yobwereka; muli cha ukwati wa makolo pakhomo la tchalitchi; muli satifiketi yoyamba imene idaloŵa m'banjamo; muli kalata ya munthu amene adapita kale, yolembedwa ndi dzanja lake. Pambali pa izi pali ntchito za manja a anthu a m'nyumbamo: kansalu kamene amai adapeta maluŵa, chidutswa cha chitenje chimene chidaberekera ana onse, ndi pepala limene mwana wa sitandade 2 adajambulapo galimoto ya mawilo asanu. Palinso zithunzi zimene amisiri a m'dziko lino amajambula nagulitsa m'misika ndi m'mbali mwa nyanja, ndi tizosema topyapyala, ndi kalichero kolukidwa bwino. Zonsezi zingathe kukhalira pamodzi pa khoma limodzi, monga katoni ya a Wallis idakhalira ndi chithunzi cha Miró. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Kusankha kwake kumafuna nzeru, pakuti khoma la zithunzi limalankhula ngakhale eni ake ali chete. Nyumba ndi ya mitundu iŵiri, akuchimuna ndi akuchikazi, ndipo apongozi akabwera kudzacheza adzaŵerenga mwakachetechete kuti a kwawo alipo angati. Mwana amene chithunzi chake palibe, pamene cha mkulu wake chapachikidwa kaŵiri, sadzanena kanthu, koma adzasunga mumtima. Motero n'kwabwino kuti bambo ndi mai a m'nyumba asankhire limodzi, ndipo ana apatsidwe mwai wosankhako chawo. N'kwabwinonso kusapachika zonse. Zithunzi khumi zosankhidwa bwino zimaoneka, koma makumi asanu zothithikana zimabisana.

Zikasankhidwa, pamabwera funso la dongosolo, ndipo apa ndi pamene makwerero amaposa khoma lina lililonse. Munthu wa pabalaza amaona khoma lonse nthaŵi imodzi, koma wokwera masitepe amakumana ndi zithunzi chimodzichimodzi, ngati akuŵerenga buku tsamba ndi tsamba. Chitsanzo chodziŵika koposa chili mumzinda wa London, m'nyumba ya nambala 10 pa Downing Street, imene ndi nyumba ya nduna yaikulu ya dziko la Britain. Woyamba kukhalamo pa udindo umenewo anali Robert Walpole, amene adaloŵamo mu 1735 mmisiri William Kent ataikonza. Pa khoma la makwerero aakulu a nyumbayo pali zithunzi za nduna zazikulu zakale, zondandalikidwa monga mwa nthaŵi yawo, zakale m'munsi, zaposachedwa m'mwamba. Nduna ikachoka pa udindo, zithunzi zinazo zimasunthidwa kuti pamwamba papezeke malo. Walpole adalamulira zaka pafupifupi 21, pamene George Canning adangokhala masiku 119 m'chaka cha 1827, koma onse aŵiri ali ndi malo pakhomapo. Wokwera makwerero amenewo amayenda zaka mazana atatu pa kamphindi kochepa.

Banja lingathe kubwereka nzeru imeneyo. Agogo ndi makolo awo akhale m'munsi, poyambira masitepe, monga mizu ya mtengo. Makolo akhale pakati. Ana ndi adzukulu akhale m'mwamba. Pamwamba penipeni pasiyidwe malo opanda kanthu, a iwo amene sadabadwe. Ena angakonde dongosolo lina, monga la malo amene banjalo lidakhalako, kuyambira kumudzi kufikira kutauni, kapena la zojambula za mwana mmodzi kuyambira pamene adayamba kugwira pensulo. Dongosolo lililonse n'labwino, malinga wokwera azimva kuti pali chingwe chimene chamanga zithunzizo pamodzi.

Funso lina ndi la msinkhu, ndipo limeneli lidakanganitsapo anthu otchuka. Kale ku London bungwe la Royal Academy linkaonetsa zithunzi chaka ndi chaka, zopachikidwa mothithikana kuyambira pansi mpaka kudenga. Mmisiri aliyense ankafuna kuti chake chikhale polingana ndi maso a anthu, chifukwa chopachikidwa m'mwamba kwambiri sichinkaoneka bwino. Mu 1784 Thomas Gainsborough adapempha kuti chithunzi chake cha ana aakazi atatu a Mfumu George III chipachikidwe m'munsi. Sadagwirizane ndi akuluakulu a bungwelo, ndipo adachotsa zithunzi zake zonse, osadzaonetsanso kumeneko mpaka imfa yake. Pa makwerero mkangano wotere umachepa, pakuti maso a munthu amakwera pamodzi ndi mapazi ake. Chithunzi chimene chili patali kwa woima m'munsi chimadzalingana ndi nkhope yake akakwera masitepe asanu. Chilichonse chimalandira nthaŵi yake.

Tsono ntchito yeniyeni imayamba popanda hamala. Choyamba, mwini nyumba ayale zithunzi zonse pansi, pa mphasa kapena pa simenti, nazisunthasuntha kufikira maso atakhutira. Chachikulu chikhale poyambira, ndipo zing'onozing'ono zichizungulire. Zamdima zisaunjikane mbali imodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha: ndi bwino kuzisiya pansipo usiku umodzi, n'kudzazionanso m'maŵa. Chachiŵiri, adule nyuzipepala zakale molingana ndi kukula kwa felemu iliyonse, namata mapepalawo pakhoma mopepuka. Akatero akwere ndi kutsika masitepe kangapo, akuyang'ana monga mlendo. Pepala limasunthika mosavuta, pamene dzenje la msomali limatsala.

Chachitatu ndi muyeso. M'nyumba zoonetseramo zithunzi, pakati pa chithunzi pamaikidwa pa masentimita 145 kapena 150 kuchokera pansi, pakuti pamenepo ndi pafupi ndi maso a munthu wamkulu woimirira. Pa makwerero muyesowu umatengedwa kuchokera pa sitepe. Munthu ayese masentimita 150 pamwamba pa sitepe yoyamba nalembapo ndi choko, ayesenso chimodzimodzi pa sitepe yomaliza, kenaka amange chingwe pakati pa malo aŵiriwo. Chingwecho chidzapendekeka mofanana ndi makwerero, ndipo ndicho msana wa ntchito yonse: zithunzi zina zikhale pamwamba pake, zina pansi pake, zina chiziŵadutsa pakati. Koma felemu iliyonse payokha iime chilili, yosapendekeka, ndipo levulo ya mmisiri womanga nyumba ingathandize pamenepa. Pakati pa felemu ndi felemu pasiyidwe mpata wofanana, wa zala zitatu kapena zinai. Mafelemu angasiyane kukula ndi maonekedwe, koma mipata ikafanana khoma limaoneka la dongosolo. Zithunzi zing'onozing'ono, ndi makalata ofuna kuŵerengedwa, zikhale pamene munthu angayandikire. Zazikulu zikwere m'mwamba. Pokhotera makwerero, pamene munthu amapumira, ndi malo a chithunzi chokondedwa koposa. Ana nawonso asaiŵalike: chimodzi kapena ziŵiri ziikidwe m'munsi, pa msinkhu wawo, monga a Ede adachitira poganizira munthu wa pampando.

Chachinai ndi kukhoma, ndipo khoma lililonse lili ndi khalidwe lake. La njerwa zootcha lopakidwa simenti limapinda msomali wamba. Limafuna msomali wa konkire, kapena kuboola ndi makina n'kuikamo pulagi ndi sikuluu. La zidina kapena la dothi limalandira msomali mosavuta, koma limautayanso mosavuta. Pamenepo ndi bwino kukhomerera thabwa lalitali mwamphamvu, kapena kulendeŵetsa zithunzi ndi waya kuchokera ku mtengo wa denga. Thabwa lomwelo limathandizanso wokhala m'nyumba ya lendi, pakuti mabowo atatu okha amanyamula zithunzi zambiri, ndipo sipakhala milandu ndi eni nyumba pa tsiku losamuka. M'nyumba ya magetsi munthu asakhome molunjika pamwamba kapena pansi pa switchi ndi soketi, chifukwa mawaya amayenda m'khoma motsata mzere umenewo.

Makwerero ndi malo a ngozi, ndipo kukongola kusaiŵalitse zimenezo. Anthu amadutsapo atasenza matiresi, ndoŵa ndi masutukesi, ana amathamangapo, okalamba amatsamira khoma. Chifukwa cha ichi felemu iliyonse ikoloŵekedwe pa misomali iŵiri kuti isagwedezeke, ndipo pasakhale chosema chotulukira kunja chimene chingakole phewa la munthu. Malo a pafupi ndi chogwirira asiyidwe opanda kanthu kuti dzanja liziyenda momasuka. Galasi likagwa pa masitepe limasweka n'kumwazika mpaka m'munsi, kumene mapazi opanda nsapato amaponda. Motero pamene pali ana aang'ono ndi bwino kuphimba zithunzi ndi pulasitiki yolimba yoonekera m'malo mwa galasi. Ndipo munthu asaimike mpando kapena makwerero onyamula pa masitepe ali yekha. Mutu umodzi susenza denga: wina akhome, wina agwirire, nayang'ana ngati felemu yaongoka.

Zithunzi zikakwera pakhoma zimakumana ndi adani anai. Woyamba ndi dzuŵa. Chithunzi cha mitundumitundu chimene dzuŵa limachiomba tsiku ndi tsiku chimasuluka monga chitenje choiŵalika pa chingwe, ndipo mtundu ukachoka subwereranso. Inki ya bolopeni ndi utoto wa madzi zimathaŵa msanga koposa. Zotere zipachikidwe pa khoma limene kuŵala kwa pazenera sikufikapo mwachindunji. Wachiŵiri ndi chinyezi. M'nyengo ya dzinja khoma loyang'ana kumene mvula imachokera limamwa madzi, ndipo kuseri kwa felemu kumamera chuku. Mankhwala ake ndi otsika mtengo: tizidutswa tiŵiri ta labala, ngakhale ta patapata yakutha, tomatidwa kuseri kwa ngodya zam'munsi, timatalikitsa felemu ndi khoma kuti mpweya uzidutsa. Chithunzi chisakhudzanenso ndi galasi, pakuti chikanyoŵa chimamatirira, ndipo pochichotsa nkhope ya munthu imatsalira pagalasipo. Pepala lochindikala lodulidwa ngati zenera limaika mpata pakati pa ziŵirizo. Wachitatu ndi utsi wa mbaula ndi wa nyali, umene umakwera kutsata makwerero nusiya mwaye. Wachinai ndi tizilombo, chiswe ndi mphemvu, timene timadya pepala ndi thabwa kuchokera kuseri, kutsogolo kukuoneka bwinobwino. Kamodzi pa chaka, mvula ikatha, zithunzi zonse zitsitsidwe, zipukutidwe ndi nsalu youma, ndipo ziyang'anidwe kuseri.

Pali mdani wina amene amabwera ngati bwenzi, ndiye selotepi. Poyamba imagwira bwino, koma pakapita zaka imasanduka yachikasu, nisiya banga losachoka. Guluu wamba amachitanso chimodzimodzi, ndipo pepala lomatidwa m'pulasitiki ndi makina otentha silingatulutsidwenso osaonongeka. Chithunzi chimene chilipo chimodzi chokha pa dziko lonse, monga cha agogo amene adajambulitsa kamodzi pa moyo wawo, chisaikidwe pa chiswe chotere. Masiku ano n'kosavuta kuchijambulanso ndi foni kapena kuchitengera kwa otsuka zithunzi kuti apange china chofanana nacho. Chatsopanocho ndicho chikwere pakhoma, ndipo chenichenicho chisungidwe m'envulopu, pamalo ouma ndi amdima. Abale ena apatsidwenso zawo, kuti moto kapena madzi zikagwera nyumba imodzi, nkhope ya kholo isathere pomwepo.

Foni yomweyo ili ndi msampha wake. Palibe mbadwo umene udajambulitsa zithunzi zambiri ngati uno, koma zambiri mwa izo sizidatulukepo m'foni. Foni imabedwa, imagwera m'madzi, imafa. Ndipo ikapita, zaka zisanu za ubwana wa mwana zimapita nayo. Agogo adajambulitsa kamodzi ndipo chithunzi chawo chilipo. Mdzukulu wajambulidwa kambirimbiri ndipo mwina sipadzatsala ngakhale chimodzi. Banja limene limasankha zithunzi zitatu kapena zinai pa chaka n'kukazitsukitsa papepala likuchita chinthu chanzeru.

Koma choononga chachikulu koposa dzuŵa ndi chiswe ndi kuiŵala. A Ede sadaike maina pansi pa zithunzi zawo, koma iwo eni ake ankayenda ndi mlendo aliyense namufotokozera. M'banja, ntchito imeneyo ndi ya agogo ndi azakhali, amene amadziŵa kuti woima kumanzere ndi yani, adakwatira kuti, ndipo adamwalira chaka cha njala iti. Anthu amenewo sakhala mpaka muyaya. M'nyumba zambiri muli kale zithunzi za anthu ovala bwino, oyang'ana kutsogolo mwaulemu, amene palibe wamoyo angaŵatchule dzina. Ndi achibale ndithu, koma asanduka alendo m'nyumba ya adzukulu awo. Choncho chithunzi chisanaloŵe m'felemu, wina akhale pansi ndi akuluakulu a m'banjamo, afunse, ndipo alembe kuseri kwake maina onse, mfunda, mudzi, mfumu, boma ndi chaka. Alembe ndi pensulo yofeŵa, mosasindikiza, chifukwa inki imaloŵerera mpaka kutsogolo. Pa chojambula cha mwana palembedwe dzina lake ndi zaka zake. Ntchito imeneyi ndi ya madzulo amodzi, koma siidikira; mkulu amene angayankhe lero mwina chaka chamaŵa sadzakhalapo.

Khoma lotere silitha kumangidwa. Mwana akabadwa, wina akakwatira, wina akatsiriza sukulu, zithunzi zimasunthidwa kuti watsopano apeze malo. Ndipo phindu lake limaoneka pa tinthu tating'ono. Mwana wopita kukagona amaima pa sitepe yachitatu, naloza ndi chala nafunsa kuti, “Agogo, aŵa ndani?” Agogo amaima nawonso, napuma pang'ono, nayamba kufotokoza. Mlendo woperekezedwa kuchipinda amadziŵa mtundu wa anthu amene amlandira asanafike pamwamba. Wojambula wamng'ono uja wa galimoto ya mawilo asanu amaona kuti ntchito ya manja ake yapatsidwa felemu pafupi ndi chithunzi cha agogo ake, ndipo maŵa amapempha pepala lina.

A Wallis analibe felemu, analibe galasi, analibe levulo. Anali ndi makatoni, penti wa maboti ndi misomali yoposa muyeso. Akadasunga zithunzi zawo m'bokosi kudikira tsiku limene adzapeze ndalama za mafelemu, anthu aŵiri aja akadadutsa pakhomopo osaima, ndipo dzina lawo likadakwiriridwa pamodzi ndi iwo. Omvera amene ali ndi sutukesi pansi pa bedi angayambe madzulo ano ndi chithunzi chimodzi, pensulo, ndi mkulu mmodzi woti amfunse.